Kodi Mulungu wanditaya, kapena ndadzitaya ndekha?

*Abusa, ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Blantyre. Ndakulira mumpingo, chakhumi sindinkaphonya, ndinkayimbanso kwaya. Pa Namondwe wa Freddy matope anakokolola mng'ono wanga pamodzi ndi nyumba yake ku Chilobwe, ndipo yanga inagwa mbali imodzi. Ndinaikonza ndi mpamba wa golosale yanga. Kwacha itagwa, golosaleyo inatheratu. Ndinatenga katapira wa K300,000 kuti ndiidzutse, koma ndalama zina ndinabetchera mpira poganiza kuti zichulukana. Zonse zinapita. Kenaka ndinawauza mayi akunyumba kuti akatenge ngongole ku banki mkhonde, ndinawanamiza kuti ndi yokaodera katundu, nayonso ndinabetcha. Pano ngongole yadutsa K900,000 ndipo mayi anapita kwawo ndi ana. Iwo akuti zonsezi ndi zochita zanga. Mneneri wina akuti ndi matemberero a kumtundu, ndibzale mbewu. Ine ndikuona kuti Mulungu wanditaya, chifukwa akanaletsa mvula ija zonsezi sizikanachitika. Ndinasiya kupemphera, ndipo masiku ena ndimaganiza kuti bola kungochoka padziko pano. Kodi ndikulakwa kumuimba mlandu Mulungu?*

Bambo, pepani kwambiri ndi maliro a mng'ono wanu. Mwawatchula m'mzere umodzi wokha n'kuthamangira nkhani ya ngongole, koma ine ndikuganiza kuti bala lenileni lili pamenepo, ndipo mwina chiikireni maliro simunapeze mpata wolira. Mwachita bwino kulemba. Mawu anu akuti bola kuchoka padziko ndawamva ndipo sindiwalumpha. Ndibwererako, koma pano ndikupempheni chinthu chimodzi: lero lomwe lino muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira kuti maganizo amenewa amakubwererani.

Mwafunsa ngati mukulakwa. Kudandaula pamaso pa Mulungu si tchimo. Tsegulani Salimo 13, mupeza Davide akufunsa kanayi konse kuti kufikira liti. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, mulibe ngakhale mzere umodzi wa chikondwerero, koma linasungidwa m'Baibulo kuti anthu a Mulungu aziliyimba. Naomi atabwerera ku Betelehemu amuna ake ndi ana ake awiri atamwalira, anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Marita ndi Mariya onse awiri anamuuza Yesu pamaso kuti akanakhalapo mlongo wawo sakanafa, mawu ofanana ndithu ndi anu aja akuti akanaletsa mvula. Yesu sanawakalipire. Anapita kumanda n'kukalira nawo.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chakuti munasiya kulankhula naye. Yobu anayankhula mawu olemera kuposa anu, anafika potemberera tsiku limene anabadwa, koma zonsezo ankazinena nkhope yake italoza kwa Mulungu. Mkazi wake ndi amene anamulangiza kuti amunyoze Mulunguyo kenaka afe, ndipo Yobu anakana. Mwana amene akulira atagwira nsalu ya amayi ake akadali pakhomo. Woopsa ndi amene wangokhala chete n'kutuluka usiku.

Pa zaka zimene ndakhala ndikucheza ndi anthu a m'mavuto ngati anu, ndaona kuti munthu akapanikizika amamanga zonse mtolo umodzi n'kuyamba kufunafuna mwini mtolowo. Akazi anu akuti mwini wake ndinu. Mneneri akuti ndi makolo anu. Inu mukuti ndi Mulungu. Nonse atatu mukufuna dzina limodzi pa mtolo umene uli ndi nkhuni za m'nkhalango zosiyana. Tiyeni tiumasule.

Za Freddy, ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti inu mulibemo mlandu, ndipo mng'ono wanu sanafe chifukwa anali wochimwa kuposa ife otsalafe. Namondwe uja wa mu Malichi 2023 anatenga anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera. Munali akulu a mipingo, makanda, oledzera, opemphera usiku wonse, matope sanasankhe. Yesu anafunsidwapo nkhani yotere. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti ayi. Pa Yohane 9 ophunzira ake ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Yesu anati palibe mwa iwo. Abwenzi a Yobu anathera masiku akumuumiriza kuti aulule tchimo limene lamubweretsera tsoka, koma pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira iwowo chifukwa sananene zoona za Iye.

Ndamvapo ena akunena kuti anthu a ku Chilobwe anadziputira okha pomanga m'tsinde mwa phiri la Soche. Mawu amenewa ndi osavuta kwa munthu amene ali ndi puloti yabwino. Anthu amamanga m'malo otsetsereka chifukwa ndi pamene thumba lawo lafikira. Ndi zoona kuti mitengo ya m'mapiri athu tinaimaliza, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira dothi mvula ikachuluka. Ndi zoonanso kuti ogawa malo ndi oyang'anira mzinda ali ndi mbali yawo. Umenewo ndi mlandu wa tonsefe ngati mtundu, sitingausenzetse mng'ono wanu, komanso sitingaukankhire kumwamba.

Nanga bwanji Mulungu sanaletse mvulayo? Ndaima pamanda ambiri ndipo sindinayambe ndanamizira kuti yankho lake ndili nalo. Baibulo limanena pa Aroma 8 kuti chilengedwe chonse chikubuula, kudikira kumasulidwa, ndipo limalonjeza tsiku limene misozi idzapukutidwa. Silitiuza chifukwa chake nyumba iyi inapita ndipo yoyandikana nayo inatsala. Yobu mwiniwake sanauzidwe. Funso limeneli mukhoza kulisenza mpaka ku ukalamba muli Mkhristu ndithu.

Golosale nayo siinagwe chifukwa cha ulesi wanu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Wogulitsa wamng'ono amene anali ndi katundu pashelefu anagulitsa pamtengo wakale, popita kukaoda n'kupeza kuti ndalama yomweyo ikugula katundu wochepa, ndipo makasitomala nawo anali atachepetsa zogula. Inu munalowa m'nyengo imeneyi mpamba mutaudya kale pokonza nyumba, chinthu chimene bambo aliyense wa ana akanachita. Izi ndi zosankha za anthu a m'maofesi ndi mavuto a chuma cha dziko. Aneneri a m'Baibulo monga Amosi akaona osauka akufinyidwa ankalozera chala olamulira ndi amalonda a miyeso yonyenga, sankanena kuti ndi chifuniro cha Mulungu.

Pali mawu ena m'kalata mwanu amene ndikufuna tiime pang'ono: chakhumi sindinkaphonya. Ndikumva ngati mukuti, ine mbali yanga ndinakwaniritsa, Iye yake sanakwaniritse. Apa ife alaliki tili ndi mlandu, chifukwa nthawi zambiri talalikira chakhumi ngati inshulansi, ngati kuti wopereka mokhulupirika sadzaona maliro kapena kugwa kwa bizinesi. Mulungu sanasainire pangano lotero. Paulo, mtumwi wamkulu uja, chombo chinamuswekera katatu, anagona ndi njala, anakwapulidwa. Yohane Mbatizi anadulidwa mutu m'ndende. Yesu anati dzuwa limawalira oipa ndi abwino, mvulanso imagwera olungama ndi osalungama. Mwina amene wakukhumudwitsani ndi Mulungu amene tinakujambulirani paguwa, amene amagwira ntchito ngati sitolo, ukapereka ndalama ulandire katundu. Ngati ameneyo wafa mumtima mwanu, musamulire.

N'chifukwa chake za mneneri uja ndikuti musapereke ngakhale tambala. Munthu ali ndi ngongole ya K900,000, wina n'kumuuza kuti abweretse ndalama kuti amasulidwe, kumeneko ndi kukama ng'ombe yowonda. Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa pa Machitidwe 8. Kunena za matemberero a kumtundu, Aisiraeli anali ndi mwambi wakuti makolo adya mphesa zosapsa ndipo mano a ana ndiwo ayayamira. Pa Ezekieli 18 Mulungu anawaletsa mwambi umenewo, anati aliyense adzayankha za iye mwini. Inde, zochita za makolo zimapweteka ana, monga mmene zanu zikupwetekera ana anu lero. Koma agogo anu sanagwire foni yanu n'kubetcha.

Tafika pa nkhuni zimene munatola nokha, ndipo ndikupemphani mundimvere ngati mbale amene akukufunirani zabwino. Katapira munamutenga nokha. Ndalama ya bizinesi munaibetcha nokha. Akazi anu munawanamiza, n'kuwatumiza kukaika dzina lawo pakati pa amayi anzawo pa ngongole imene sanadyeko. Miyambo 19:3 imanena kuti utsiru wa munthu ndi umene umapotoza njira yake, kenaka mtima wake umakwiyira Yehova. Vesi limeneli linalembedwa kalekale, koma likunena za ine ndi inu. Matendawa anayambira m'munda wa Edeni. Adamu atafunsidwa ngati wadya chipatso, anayankha kuti ndi mkazi amene munandipatsa. M'mawu ochepa amenewo anakankhira mlandu kwa Hava komanso kwa Mulungu amene anamupatsa mkaziyo, iye n'kutsala ngati wongodutsa. Yakobo 1:13-14 imatseka khomo limenelo: munthu poyesedwa asanene kuti Mulungu akundiyesa, pakuti chimene chimamukoka ndi chilakolako chake.

Ndikumvetsa mmene munafikira pamenepo. Munthu wofedwa, nyumba yagwa, bizinesi yatha, ana akuyang'ana kwa iye, amafuna njira yachidule. Mvula ikakuona litsiro sikata. Kubetcha kumalonjeza kuti vuto la chaka chonse litha Loweruka limodzi. Koma makampani a zobetcha amawerengera mitengo yawo mwakuti pa anthu onse obetcha, ndalama yolowa izichuluka kuposa yotuluka, apo ayi akanatseka kalekale. Amene wawina amamveka mudzi wonse, zikwi za oluza zimangokhala chete. Ndipo ukaluza, mtima umakuuza kuti ubetchenso ubweze zako, ndiye dzenje limene anthu ambiri amathera. Katapira naye ali ndi msampha wake, chiwongoladzanja chimakula mwezi ndi mwezi mofulumira kuposa phindu la golosale iliyonse. Kumvetsa zonsezi kumandipatsa chifundo pa inu, koma sikusintha kuti dzanja linali lanu.

Mwaona kuti m'kalata mwanu mwalumikiza zonse ndi ulusi umodzi, kuti akanaletsa mvula zonsezi sizikanachitika? Ulusi umenewo ndi umene ukukumangani. Mvula inagwetsa khoma la nyumba yanu, koma imene inachotsa akazi anu pakhomo si mvula. Iwo anakhala nanu nyumba itagwa, anakhala nanu golosale itatha, anakukhulupirirani mpaka kukakutengerani ngongole. Anachoka litatulukira bodza. Kuloza kumwamba kumapepuka chifukwa Mulungu sakuyankhani mokweza ngati mmene akuyankhirani mayi akunyumba, ndipo kumaphimba manyazi. Koma taganizani mtengo wake. Ngati zonse wachita ndi Mulungu, ndiye kuti inu mulibe chochita, mungokhala pansi kudikira kuti asinthe maganizo. Pamene mukavomera kuti mbali iyi ndi yanga, mwapeza pogwira. Namondwe simungamubweze, mtengo wa dola simungautsitse, koma bodza mungathe kuliulula, kubetcha mungathe kusiya, ngongole mungathe kuyamba kuidula.

Chenjezo langa ndi lakuti musachoke ku phompho lina n'kukagwera lina. Ndaonapo abambo amene atangovomera kulakwa kwawo anayamba kudzitenga ngati zinyalala, n'kudzisenzetsa ngakhale zimene sanachite. Petro ndi Yudasi onse anamulakwira Yesu usiku umodzi, onse anamva chisoni. Yudasi anapita nacho yekha chisonicho n'kudziwononga. Petro analira kwambiri koma anakhalabe pakati pa abale, ndipo Yesu atauka anamupatsanso ntchito. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 amasiyanitsa chisoni chimene chimabala kulapa ndi chisoni chimene chimabala imfa. Chimene chimanena kuti ndinalakwa, ndipite ndikakonze, ndi cha Mulungu. Chimene chimanena kuti ndine wopanda pake, ana anga angakhale bwino ine kulibe, chimenecho ndi bodza, ndipo ndaona ndi maso anga mmene ana otsala amavutikira nalo moyo wawo wonse. Davide atadzudzulidwa ndi Natani anangoti ndachimwira Yehova, osawonjezera zifukwa, ndipo anakhululukidwa pomwepo, ngakhale zotsatira za tchimo lake zinamutsata. Inunso chikhululukiro mungachilandire lero, ngongole ikhalapobe mawa. Zimenezo sizikutanthauza kuti simunakhululukidwe.

Pa 2 Mafumu 4 pali mayi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri. Mwamuna wake anali woopa Mulungu koma anasiya ngongole, ndipo wokongozayo ankabwera kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Elisa anamufunsa kuti uli ndi chiyani m'nyumba. Panali kambiya ka mafuta basi. Chozizwitsa chinachitika, koma mayiyo anayenda yekha kukabwereka zotengera kwa anansi, anathira yekha, anakagulitsa yekha, ndipo anauzidwa kuti ayambe wabweza ngongole kenaka adye zotsalazo ndi ana ake. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa dzanja la Mulungu ndi miyendo ya munthu zikuyendera limodzi. Nehemiya nayenso adani atawopseza anapemphera n'kuika alonda usana ndi usiku.

Ndiye wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tengani kope mulembe ngongole iliyonse, mwini wake, ndalama imene munatenga, imene mwabweza kale ndi imene akukuuzani kuti yatsala. Anthu ambiri a ngongole amaopa kuwerenga, ndipo chinthu chosawerengedwa chimakula usiku. Chotsani mapulogalamu onse obetchera mufoni, musiye kukhala pamalo pamene anzanu amakambirana za matikiti, ndipo kwa miyezi ingapo ndalama zanu za pa Airtel Money kapena Mpamba azikuonerani munthu wina wokhulupirika. Zimachititsa manyazi, koma chizolowezi chimenechi sichitha ndi lonjezo la pakamwa. Kwa wakatapira musapite nokha. Tengani mkulu wa mpingo kapena mfumu ya m'dera lanu, mukapemphe kuti chiwongoladzanja chiime ndipo mugwirizane zobweza pang'onopang'ono, zolembedwa pamaso pa mboni. Ena amavomera chifukwa kulandira pang'ono kuli bwino kuposa kutaya zonse. Akayamba kukuopsezani kapena kulanda katundu mwankhanza, pitani kupolisi ku Victim Support Unit, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Musatenge ngongole ina kuti mutseke iyi.

Ine ndikanakhala inu, ndalama yoyamba kuipeza, kaya ya ganyu kaya yogulitsa foni yodula, ndikanaipititsa ku banki mkhonde. Kumeneko ndi kumene dzina la akazi anu likunyozeka, ndipo kawirikawiri amayi a gulu amakatenga ziwiya za mnzawo akalephera kubweza. Mukaonekere nokha pagulupo munene kuti ngongoleyi ndinadya ndine. Kenaka mutume ankhoswe. Popita kukapepesa musatenge mawu akuti Satana anandinyenga, kapena akuti inunso mukanandimvetsa. Mukanene chimene munachita ndi dzina lake, mukawaonetse kope lija, ndipo musakawaumirize kubwerera tsiku lomwelo. Chikhulupiriro chimene chinasweka ndi bodza chimamangidwa ndi miyezi ya zochita zooneka. Pakali pano ana anu azilandira kangachepe kochokera kwa inu, ngakhale sopo ndi makope, ndipo azimva mawu anu pafoni.

Tsopano za maganizo ofuna kuchoka padziko. Eliya, mneneri amene anaitanitsa moto kuchokera kumwamba, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Pa 1 Mafumu 19 Mulungu sanamulalikire. Anamutumizira chakudya ndi madzi, anamulola kugona, anamudyetsanso, ndipo pambuyo pake anamuuza kuti sali yekha n'kumupatsa Elisa woti aziyenda naye. Thupi ndi maganizo zikatopa zimafuna chisamaliro, ndipo kupita kuchipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, palibe chimene chikukusangalatsani, kapena mwayamba kumwa mowa kuti muiwale, pitani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukanene kuti mukufuna kuonana ndi a zaumoyo wa maganizo. Ku Queen Elizabeth komweko ku Blantyre aliko, kulinso Zomba Mental Hospital, ndi a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amachizika, ndi uphungu ndipo nthawi zina ndi mankhwala. Koma ngati maganizowo afika poti mwayamba kulingalira njira kapena tsiku, musadikire kuti kuche. Itanani mbale kapena mnansi, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala a mbewu kapena a makoswe ngati alipo m'nyumba, apatseni ena akusungireni kutali, ndipo masiku ano musamagone nokha, pitani kwa achibale kapena wina adzakhale nanu.

Abusa anu kapena mkulu wa mpingo wa m'dera lanu adziwe zonse zimene mwandilemberazi. Agalatiya 6 imanena kuti aliyense adzasenza katundu wake, koma m'mutu womwewo imatilamula kunyamulirana zothodwetsa, ndipo zanuzi zafika pofuna mapewa a ena. Mukapempheko kuti tsiku lina adzakhale nanu pamodzi ndi achibale mukumbukire mng'ono wanu, mumutchule dzina, mulire mokwanira.

Za pemphero, sindikuuzani kuti muyambe ndi kuthokoza pamene mtima sukufuna. Usiku uno tsegulani Salimo 13 muliwerenge mokweza ngati mawu anu. Likatha muuzeni Mulungu za mng'ono wanu ndi mkwiyo wonse umene muli nawo, osaukongoletsa. Mukatero mumuuzenso za K300,000 ija ndi za bodza lija, osatchulapo mvula. Lamulungu likubwerali mukakhale ngakhale kumbuyo kwenikweni, kwaya idzakupezani nthawi yake. Mundilemberenso mukakumana ndi ankhoswe, ndikufuna kumva mmene mayi akulandirirani komanso ngati mwayamba kugona.